Kiyi wa boti langa anali m'thumba ku Joni

Chinali chaka cha 2024, ine ndili ndi zaka 71, pamene ndinaphwanyitsa boti langa ndi kulumaza mwana wa mlongo wanga. Ndinachita zimenezi ndili kuno ku Joni, madzi a m'nyanja osandikhudza ngakhale kuphazi. Sindine munthu wokonda kuulula za m'nyumba mwanga. Koma inu owerenga, makamaka anzanga amene muli ndi katundu kumudzi koma mumamulamulira pafoni, ndimvereni. Ndinena monga zinachitikira, osawonjezera.

Kwathu ndi ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja. Mudzi sinditchula. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndinabwera kuno pa kontilakiti ndili mnyamata, ndipo mphamvu zanga zonse zinathera pansi pa nthaka. Ndinayamba ndi fosholo, kenako ndinayendetsa winchi yokoka miyala, pomaliza ndinali woyang'anira gulu mu mgodi wina wa pulatinamu kufupi ndi Marikana. Pagulu langa sipanafe kapena kuvulala munthu. Zimenezo ndinkazinena paliponse pamene ndakhala. Nditapuma ntchito ndinachita lendi kachipinda ku Segwaelane, kuseri kwa nyumba ya banja lina la Chitswana, chifukwa mankhwala a chifuwa changa ndimalandirira kuno, ndipo za penshoni zimafuna mwiniwake akhale pafupi. Mkazi wanga anamwalira kale. Ana Mulungu sanatipatse.

Kumudzi amanditcha mtchona. Ndimadziwa, ngakhale sanena ndikumva. Choncho nditalandira ndalama zanga zopumira ntchito ndinakhometsa boti, kuti tsiku lobwerera ndidzafikire pa changa, anthu asadzati anapita ndi manja awiri wabweranso ndi manja awiri. Linali boti la matabwa, lalikulu, la injini, ndi chilimira chake chophera usipa. Ndinalisiya m'manja mwa Limbani, mwana woyamba wa mlongo wanga Nabanda. Limbani si mwana. Ndi bambo wa ana anayi, msodzi chibadwire, wofatsa, wosabweza mawu kwa akulu. Iye ndiye ankapeza alovi, anyamata okoka khoka, kugula mafuta ndi kunditumizira gawo langa. Kwa zaka zingapo zinayenda bwino, ndipo sindinamuthokozepo. Ndinkati ndi ntchito yake.

Chakumapeto kwa 2023 mnzanga wina wa kutchalitchi anabwera kuchokera kumudzi. Titatuluka m'mapemphero anandiuza pagulu, akuseka, kuti boti langa lasanduka minibasi. Anati masiku a msika Limbani amanyamula anthu, matumba a mpunga, ngakhale mbuzi. Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Sindinamuimbire Limbani kuti ndimve mbali yake. Lolemba lake ndinakwera takisi kupita ku Zinniaville, ndinalowa m'sitolo ya zitsulo, ndinagula unyolo wonenepa ngati chala chachikulu ndi loko wa mtundu umene tinkagwiritsa ntchito kumgodi.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa amene sanalowepo mu mgodi sangamvetse mutu wanga. Kumgodi makina akafuna kukonzedwa, munthu amazimitsa magetsi n'kukhoma pozimitsirapo ndi loko wake. Kiyi amakhala m'thumba mwake. Palibe wina wotsegula, ngakhale bwana wamkulu. Wodula loko wa mnzake ntchito imamuthera tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kuyatsa makina munthu ali m'kati. Ine lamulo limeneli ndinalisunga zaka zonse, ndipo ndinathamangitsapo anthu awiri chifukwa cha ilo. Linandilowa m'magazi. Kwa ine loko anali mawu a munthu, ndipo mawu a munthu sadulidwa.

Mu Disembala ndinapita kumudzi. Ndinamuitana Limbani n'kumufunsa ngati zinali zoona. Anavomera. Anati masiku amene usipa wavuta, anthu a kumsika ndiwo ankagula mafuta ndi ulusi wosokera chilimira. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, ngati anandiuza. Anati ayi. Basi, kwa ine mlandu unatha.

Ndinaitana alovi, tinayala mitengo pamchenga, tinalikokera boti kumtunda mpaka pa mkuyu waukulu umene bambo anga ankasokera maukonde pansi pake. Mkuyu umenewo uli patali ndi madzi, moti munthu ali pamenepo amachita kukuwa kuti wa m'bwato amumve. Injini tinaichotsa n'kukaisunga m'nyumba mwa Nabanda. Unyolo ndinauzunguliza pamtengo, ndinaulowetsa pa chitsulo cha kumutu kwa boti, ndinaukoka mpaka unafupika kuti pasakhale pogwedezera, ndinatseka. Kenako ndinakweza kiyi m'mwamba, alovi akuona, mkazi wa Limbani ndi ana ake akuona, ndinati: "Boti ili lipuma mpaka ndidzabwere mu Ogasiti. Kiyi ndi uyu, akupita nane. Wodula loko ameneyu, kaya ndi ndani, asadzanditchulenso malume."

Limbani anangoti, "Ndamva, amalume."

Nabanda ndiye analankhula. Anati ndamangirira pafupi, chifukwa chichokereni mvula ya chaka chathacho nyanja sinabwerere pamalo pake. Ndinamuyankha kuti ine ndinabadwira pagombe limeneli iye asanabadwe, ndipo madzi sanafikepo pa mkuyu. Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, anatsekanso. Pamaso pa anthu mlongo wanga sanditsutsa. Mu Januwale ndinabwerera ku Joni, kiyi ali pamodzi ndi wa kachipinda kanga.

Mu Febuluwale Limbani anaimba. Anati madzi afika pa mathandala oyanikira usipa, anthu ayamba kuwazula. Ndinati mathandala amamangidwa m'mphepete, nanga achite bwanji. Mu Malichi anaimbanso. Anati munda wa chinangwa wa kumunsi wamira, ndipo anatumiza chithunzi. Ndinachiyang'ana ndi magalasi anga, ndinaona madzi ndi nsonga za chinangwa, koma mkuyu sunaoneke. Ndinati mnyamatayu wajambula kwina, akufuna kiyi kuti ayambirenso minibasi yake. Taonani, inu owerenga, mmene mtima wokayikira umagwirira ntchito. Umboni uliwonse umene ankandipatsa, ine ndinkausandutsa umboni wa bodza lake.

Pali mwana wina wa ku Salima, dzina lake Fanuel, amene amagwira maganyu a zomangamanga ku Marikana. Loweruka amabwera kudzandimeta ndi kundithandiza za foni. Iyeyo anandionetsa mavidiyo a kwawo, nyumba za alendo za m'mphepete mwa nyanja madzi ali m'mawindo.

"Madala, chaka chino nyanja si yocheza nayo," anatero. "Kwathu anthu akulowa m'bala pabwato, kutulukanso pabwato. Auzeni akwanu akoke boti."

Ndinati, "Hayikona. Iwe unabadwa liti kuti undiphunzitse nyanja? Meta mutu, za boti zisiye."

Anaseka, anati mutu akumetawo ndi womwewo ukuvuta. Ndinamukalipira. Anameta mpaka kumaliza.

Mu Epulo anaimba Nabanda mwiniwake. Pafoni panalibe anthu oti andichitire manyazi, ndiye anandiuza zimene anameza tsiku lija.

"Achimwene, mumati madzi sanafikepo pa mkuyu. Chaka chimene ndinabereka Limbani anafika, anapitirira, anagwetsa khitchini ya amayi. Inu munali kuti? Munali m'dzenje ku Joni. Munabwera madzi atabwerera, mutavala jekete lachikopa, ndipo simunafunse chifukwa chake amayi anasamukira kumtunda."

Zinali zoona. Ndinakumbuka kuti ulendo umenewo ndinapeza nyumba ya amayi ili pamalo ena, ndipo ndinangoganiza kuti anakangana ndi oyandikana nawo. Nyanja imene ndinkaidziwa ine inali ya ubwana wanga, ndi ya masabata ochepa a Disembala, nthawi imene madzi amakhala atatsika. Miyezi imene nyanja imakwera, ine ndinali ndisanaionepo chichokereni kumudzi. Ndinazindikira zimenezi foni ili kukhutu. Koma kuzindikira ndi kwina, kuvomera ndi kwina. Ndinamuuza Nabanda kuti ndamva, apereke foni kwa mwana wake.

Limbani anati madzi azungulira mkuyu, boti layamba kuyandama. Kenako anapempha mwaulemu, mawu akuwasankha ngati munthu woyenda paminga.

"Amalume, ndiloleni ndiitane wowotcherera zitsulo adule unyolo wokha. Loko wanu sitimukhudza, mudzamupeza ali wotseka. Tingolikokera kumtunda, kuseri kwa tchalitchi."

Anandikonzera njira yoti ndigonje popanda kuchita manyazi. Lero ndimaiona. Tsiku limenelo ndinati unyolo ndi loko ndi chinthu chimodzi, kudula china ndi kudula zonse. Ndinati kiyi ndimutumiza, adikire. M'mutu mwanga ndinkaona ngati ndachita chifundo chachikulu. Mawu amodzi okha, akuti dula, akanakwana. Sindinawanene, chifukwa ndinkaona nkhope za alovi aja zikuseka kuti madala a ku Joni abweza mawu awo.

Kiyi ndinamukulunga m'kansalu, ndinamusokerera m'bulangete limene ndinagulira Nabanda, ndinapereka kwa mmodzi wa anyamata onyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Anandilonjeza kuti anyamuka sabata yomweyo. Amene munatumizapo katundu mukudziwa. Galimoto sinyamuka ngolo yake isanadzaze. Anadikira mafiriji ndi mabedi a anthu mpaka mwezi unatha. Atanyamuka, galimoto inawonongeka m'njira, ku Zimbabwe. Ndikamuimbira ankati mawa, madala, mawa. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo tsiku lililonse ndikanatha kuimba kumudzi n'kunena kuti musadikirenso. Ndinkati poti kiyi ali m'njira, mbali yanga ndachita.

M'masabata amenewo madzi anapitiriza kukwera. Unyolo uja, poti ndinaumanga wofupika ndiponso m'munsi mwa mtengo, unayamba kukokera mutu wa boti pansi, kumbuyo kukuyandama. Funde lililonse linkalowa. Limbani ankalowa m'madzi m'mawa uliwonse, ofika m'chiuno, kenako ofika m'chifuwa, kukakapa madzi ndi chigubu chodula. Anapempha matayala akale kwa anthu, anawamangirira pamkuyu kuti boti lisamagunde mtengo. Ankandiuza zimenezi pafoni. Ine ndinkati, ukuchita bwino, pitiriza. Munthu amene ndinamulanda ntchito pamaso pa ana ake ankasamalira boti langa popanda malipiro, usodzi akukachita m'maboti a eni ake ngati mlovi wamba. Sindinaganizepo kuti m'madzi ofika m'chifuwa, pakati pa boti lolemera ndi mtengo, ndi malo amene kumgodi sindikanalola munthu wanga kuimapo.

Mu Meyi mwera unayamba. Amene simuidziwa nyanja, mwera ndi mphepo ya kummwera imene imautsa mafunde aakulu, ndipo asodzi amaiopa. Tsiku lina ndinali pamzere kukiliniki, kudikira mankhwala anga, dzuwa lili pamutu. Foni inalira. Anali Nabanda. Mawu ake anali ouma, osalira. Anati tayala limodzi linasuntha, Limbani analowa kukalibwezera, funde linanyamula boti n'kuliponyera pamtengo, mwendo wake uli pakati. Alovi anamuvuula atakomoka. Anali pa galimoto kupita naye kuchipatala cha paboma. Ndinafunsa kuti ali moyo. Anati ali moyo. Kenako anati, "Loko wanu ali bwinobwino, achimwene. Palibe wamukhudza." Anadula foni.

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti. Mayi wina wa Chitswana anandipatsa madzi, akuyesa ndi chifuwa. Mzere unandidutsa.

Mwendo anaudula pamwamba pa bondo. Boti linasweka tsiku lomwelo chakumasana, matabwa ake ana anatola m'bango. Kiyi anafika Limbani ali m'chipatala, ali m'bulangete lake, wosatayika.

Sindinapite msanga. Ndinganene kuti ndinkadikira penshoni ya mwezi, koma zoona zake ndinkaopa. Ine amene ndinkalowa pansi pa miyala yolendewera ndinaopa nkhope ya mlongo wanga. Fanuel ndiye anandigulira tikiti ya basi, anabwera nayo n'kuiika patebulo. Anati, "Madala, mutu ndameta kale. Kwatsala kupita." Ulendo uno sindinamukalipire.

Ndinafika mu Julaye. Nabanda anandilandira chikwama, anandipatsa madzi osamba, anandiphikira. Mawu ake anali a moni basi. Limbani ndinamupeza pakhonde la nyumba yake, atakhala pamphasa, ndodo ziwiri zili pambali, kabudula mwendo umodzi atapinda n'kumanga ndi chingwe. Atandiona anayesa kudzuka. Ndinamuletsa. Ndinali nditakonza mawu m'basi monse, koma iye ndiye anayamba.

"Pepani amalume, boti lanu ndalephera kulisunga."

Inu owerenga, kumgodi ndinaonapo zoopsa, koma palibe chinandipyoza ngati mawu amenewo. Akanandinyoza ndikanapeza poimira. M'malo mopepesa, pakamwa panga panatuluka funso laukali, monga mwa chizolowezi changa. Ndinati, nanga iwe, poona kuti zafika poipa, bwanji sunangodula? Ine ndikanakuchita chiyani ndili ku Joni?

Anayang'ana ana ake amene anaima pakhomo, anati, "Munanena iwo akumva. Ndikanadula, ndikanawaphunzitsa chiyani? Komanso ine malume ndili nawo amodzi."

Pamenepo ndinagwada. Mawondo anga ndi oipa, koma ndinagwada pafumbi, ndinamugwira dzanja, ndinati ndakulakwira mwana wa mlongo wanga. Sindinanenepo mawu amenewo kwa munthu aliyense chibadwire, ngakhale kwa malemu mkazi wanga. Limbani anati zachitika, dzukani, anthu akuona. Mkazi wake analowa m'nyumba, anatuluka ndi kansalu kaja, anakaika m'dzanja langa n'kubwerera.

M'mawa mwake ndinapita ku mkuyu ndekha. Madzi anali atayamba kutsika, ofika m'mawondo. Pamtengo panali mzere wa matope pamwamba pa mutu wanga pamene mafunde ankafika, ndipo khungwa linali litasupuka mbali imene boti linkagunda. Matayala awiri anali akulendewerabe. Unyolo unali pomwe ndinausiya, kumapeto kwake kuli chitsulo chija ndi kachidutswa ka thabwa lobiriwira. Ndinapisa dzanja m'madzi, ndinapeza loko, ndinalowetsa kiyi. Anatseguka kamodzi n'kamodzi, osavuta konse. Anandigulitsa loko wabwino a ku Zinniaville.

Nditaima m'madzimo ndinakumbuka mbali ina ya lamulo la kumgodi, imene ndinaiphunzitsa anthu ambiri koma ine ndinaiiwala. Woika loko sachoka pamgodi ndi kiyi. Nthawi yoweruka ikakwana amachotsa loko wake, kapena amapereka ntchito m'manja mwa wolowa, maso ndi maso. Loko amaikidwa kuti munthu asavulale, ndipo mwini kiyi amakhala pomwepo, akuona. Ine ndinatenga theka la lamulo limene linkandikomera, ndinatseka, ndinawoloka malire a mayiko ndi kiyi m'thumba.

Tsono anzanga a kuno, a ku Marikana, a ku Brits, ndi kwina konse kumene muli, ndikuuzeni. Ngati muli ndi boti kumudzi, mwini boti weniweni ndi amene akuona madzi m'mawa uno. Akakuuzani kuti nyanja yakwera, yakwera. Musamuyankhe ndi nyanja ya m'mutu mwanu, imeneyo inatsalira chaka chimene munakwera basi. Boti likokereni kumtunda kwenikweni mvula isanathe, osati pamene agogo anu ankakokera. Mukalimanga lili pamadzi, chingwe chikhale chachitali, ndipo likhale kutali ndi mtengo kapena mwala. Kiyi asiyeni kumudzi. Ngati simukhulupirira munthu woti n'kumusiyira kiyi, gulitsani botilo. Ndipo mukakwiya, musalumbire pamaso pa ana a munthu. Mawu amene munanena pagulu mudzawateteza ngakhale mutaona kuti akupha, ndipo munthu waulemu adzawamvera mpaka avulale. Ine ndinkadalira kuti Limbani sangandinyoze. Ulemu wake womwewo ndi umene ndinamupweteka nawo.

Ndinabwerera ku Segwaelane chifukwa cha mankhwala. Penshoni yanga tsopano timagawana ndi banja la Limbani, ndipo sindikunena izi kuti mundiyamikire, chifukwa sigula mwendo. Iye amasoka maukonde a anthu pakhonde. Amandiimbira Lamlungu lililonse, amanditchulabe amalume. Nabanda sabwera pafoni. Ndikafunsa amati ali kumunda, ngakhale mwezi umene kulibe cholima. Zoti pagulu langa sipanavulale munthu ndinasiya kunena.

Ndiwerenge zimene zinatayika. Boti limodzi. Chilimira chimodzi, chimene chinadyedwa ndi makoswe m'nyumba podikira Ogasiti. Ntchito ya alovi asanu ndi atatu. Sukulu ya mwana woyamba wa Limbani, amene anasiyira Fomu 3 kuti azikakoka khoka m'malo mwa bambo ake. Mawu a mlongo wanga mmodzi yekhayo. Mwendo umodzi wa munthu wa zaka 44 amene sanandilakwire kanthu koposa kunyamula mbuzi. Zotsala ndi injini yopanda boti, ndi loko ndi kiyi wake, amene ali pa msomali m'kachipinda kanga, ndipo akugwirabe ntchito bwinobwino.